Kalata Yotseguka: Achinyamata Olemba Mapulogalamu a Pakompyuta Akusowa Poyambira

Kwa Olemekezeka Nduna yoona Zofalitsa Nkhani ndi Luso la Makono, Nduna ya Zantchito, Nduna ya Zamaphunziro, akuluakulu a MACRA (bungwe loyang'anira mauthenga), TEVETA (loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja) ndi PPDA (loyang'anira zogula za boma), komanso Bwanamkubwa wa boma la Kasungu,

Ndayamba ndi kupereka ulemu kwa inu nonse, makolo ndi atsogoleri athu. Ine ndine mwana wamkazi wa mlimi wa fodya wa kufupi ndi Chamama, m'boma lino la Kasungu, ndipo ndinamaliza maphunziro a sayansi ya makompyuta pa imodzi mwa mayunivesite a boma mu 2021. Kalatayi ndailemba m'Chichewa mwadala, kuti nawonso makolo amene anagulitsa fodya, soya ndi mbuzi pophunzitsa ana awo za makompyuta athe kuiwerenga, amve chimene chikuchititsa kuti ana aja, atavala mikanjo ndi kujambulitsa zithunzi, abwerere kumudzi n'kumangokhala pakhonde. Chimene ndikudandaula si kuchepa kwa misonkhano yokamba za luso la makono kapena kwa maphunziro a masabata awiri, pakuti zimenezo zilipo zambiri. Chikusowa ndi ntchito yoyamba, ntchito yeniyeni imene wongomaliza kumene sukulu angaigwire pansi pa munthu wodziwa kufikira manja ake atakhwima.

Laputopu yanga yoyamba anandigulira ndi bambo anga atagulitsa mabelo awo ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Inali yakale, batire lake silinkafika ola limodzi, koma pondipatsa anaigwira ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mwanawe, khasu lako ndi limeneli, ulisamale." Ndinalisamala khasulo zaka zonse zinayi, ndipo nditamaliza ndinabwerera kunyumba ndili ndi chikhulupiriro chakuti ntchito siichedwa. Chaka chonse chotsatira ndinkawerenga zotsatsa ntchito m'nyuzipepala ndi pa intaneti, ndipo pafupifupi paliponse pamene ankafuna wolemba mapulogalamu ankati akhale woti wagwirapo kale ntchitoyo zaka zitatu kapena zisanu. Kawiri ndinaitanidwa ku intavyu ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa Kasungu boma, pa ndalama zobwereka. Maulendo onse awiri funso linali limodzimodzi: ndi sisitimu iti imene munapanga, imene anthu akuigwiritsa ntchito lero lino? Ndinalibe yankho, ndipo olemba ntchitowo sindiwaimba mlandu, chifukwa funso lawolo ndi loyenera. Chimene chimandipweteka ndi chakuti m'dziko muno mulibe njira yokhazikika imene wachinyamata angapezere yankho la funsolo.

Ndiloleni ndifotokoze chifukwa chake digiri payokha siikwanira, popeza ambiri a inu ntchito yanu ndi ina. Ku yunivesite tinaphunzira zilankhulo zolembera mapulogalamu za Java ndi Python, kamangidwe ka database (nkhokwe yosungiramo uthenga m'kompyuta) ndi masamu ake, ndipo maziko amenewo ndi ofunika, sindiwanyoza. Koma pulojekiti ya kusukulu imaonetsedwa kwa aphunzitsi kwa mphindi zochepa, imapatsidwa malikisi, basi n'kuiwalika, pamene pulogalamu ya kuntchito imakhala zaka zambiri ndipo imadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Gawo lalikulu la ntchito yathu si kulemba zatsopano ayi, koma kuwerenga code (malangizo olembedwa amene kompyuta imatsatira) imene analemba anthu ena amene mwina anachoka kalekale, kusunga mbiri ya chilichonse chimene chasinthidwa pogwiritsa ntchito chida chotchedwa Git, kulemba mayeso oti pulogalamu izidziyesa yokha isanapite kwa anthu, kusunga makope a deta pamalo ena kuopa ngozi, ndiponso kuyankha foni ya munthu amene ntchito yake yaima chifukwa cha cholakwa chako. M'makampani okhazikika wachinyamata satumiza code yake kwa ogwiritsa ntchito mnzake wamkulu asanaiwerenge mzere ndi mzere, ndipo kuwerengeredwa kumeneko ndiko kumasandutsa wophunzira kukhala mmisiri.

Zimenezi si zachilendo kwa inu. Dokotala wongomaliza kumene amayamba wagwira ntchito pansi pa madokotala akuluakulu asanamulole kuima payekha. Ophunzira a pa koleji ya aphunzitsi ya Kasungu amatumizidwa kukaphunzitsa m'sukulu za pulayimale pamaso pa aphunzitsi akale. Kalipentala ndi womanga nyumba amene akudutsa m'dongosolo la TEVETA amakhala miyezi pa malo a ntchito akugwira chipangizo ndi manja awo. Wolemba mapulogalamu yekha ndi amene timamuchotsa m'kalasi n'kumuuza kuti akadzakhwima abwere, osamuuza kumene angakakhwimire.

Mmene ine ndinakhwimirako pang'ono ndi nkhani imene ndikufuna muimve bwino, chifukwa pempho langa lonse lachokera pamenepo. Mu 2022 gulu lina la alimi a soya ndi mtedza la kuno linandipempha kuti ndiwapangire kapulogalamu kolembera zokolola zimene mamembala amabweretsa ku nyumba yosungiramo katundu. Kufikira nthawi imeneyo mlembi wawo ankalemba zonse m'buku lalikulu lachikuto cholimba, limene analikuta ndi pepala lapulasitiki kuopa mvula. Ndinakhala naye masiku angapo pafupi ndi sikelo, ngolo ndi njinga zikufika, matumba akutsitsidwa, iye akulemba dzina, kulemera kwa thumba ndi tsiku. Ndinapanga pulogalamuyo, tinalowetsamo zonse za m'buku, ndipo ndinkaona ngati ndachita bwino. Chimene sindinachiganizire ndi chakuti kwathu kuno munthu mmodzi amadziwika ndi maina angapo. Mayi wina anali atalembedwa katatu: kamodzi ndi dzina la pa chiphaso chawo, kachiwiri ndi dzina la amuna awo, kachitatu ndi chiwongo chawo. Mlembi uja ankadziwa pamtima kuti maina onsewo ndi a munthu mmodzi, koma pulogalamu yanga inawatenga ngati anthu atatu, popeza ndinaimanga kuti izizindikira mlimi ndi dzina.

Tsiku logawa ndalama litafika, kompyuta inaonetsa kuti mayi aja anabweretsa matumba awiri, pamene anabweretsa asanu ndi awiri. Sanakalipe. Anaimirira pang'onopang'ono, anakonza chitenje chawo, n'kundiyang'ana, nati, "Mwanangu, ine kuwerenga sindidziwa, koma matumba anga ndimawadziwa." Anthu onse anangoti zii. Wapampando analamula kuti abweretse buku lija, ndipo tinakhala mpaka dzuwa kulowa tikufananiza tsamba ndi tsamba, kufikira mayiwo ndi ena angapo atalandira zonse zimene zinali zawo. Palibe amene anataya ndalama, koma chikhulupiriro cha alimi chinatsala pang'ono kutayika, ndipo chikhulupiriro cha mlimi pa nkhani ya sikelo ndi ndalama chikathyoka sichilumikizika msanga.

Usiku womwewo ndinatumiza code yanga kwa bambo wina wolemba mapulogalamu wa ku Lilongwe, amene ndinakumana naye kamodzi kokha pa msonkhano. Sipanathe mphindi khumi asanandiimbire foni. Anandiuza kuti mlimi aliyense apatsidwe nambala yakeyake, ndipo kumene kungatheke ilumikizidwe ndi nambala ya chiphaso cha unzika, popeza kuyambira mu 2017, pamene bungwe la kaundula wa nzika la NRB linalemba anthu m'dziko lonse, akuluakulu ambiri ali nacho. Kenaka anandifunsa mafunso awiri amene palibe anandifunsapo: laputopu ya mlembiyo ikabedwa mawa, deta ya alimi ili kuti, ndipo netiweki ikasowa pa nthawi yoyeza katundu, pulogalamuyo ichita chiyani? Kwa miyezi itatu, Loweruka lililonse madzulo, ankawerenga zimene ndalemba sabata imeneyo tikulankhulana pa WhatsApp, osalandira ngakhale tambala. Chaka chimenecho n'chimene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, kotero masiku ambiri ndinkakhala pa benchi la m'shopu ina yometera imene inali ndi sola, ndikulipira kuti nditchaje laputopu, makina ometera akulira pambali panga. Pulogalamu ija ikugwira ntchito mpaka lero, ndipo ndiyo yankho langa pa funso lija la ku intavyu. Koma ndinalipeza mwamwayi ndiponso mwa chifundo cha munthu mmodzi, ndipo anzanga ambiri amene tinali nawo m'kalasi, ena oposa ine nzeru, mwayi wotero sunawapeze. Ena akuphunzitsa masamu m'sukulu zoyima pazokha, ena ali m'timashopu ta Airtel Money ndi Mpamba, ena anapita ku Johannesburg kukagwira ntchito zosagwirizana n'komwe ndi zimene anaphunzira, uku ngongole ya sukulu ya ku bungwe la HESLGB ikuwadikira.

Kwa inu a Unduna wa Zantchito, dongosolo lotumiza omaliza maphunziro kukaphunzira ntchito m'maofesi, limene linayamba mu 2018, ndi ganizo labwino ndipo lathandiza mabanja ambiri. Pempho langa ndi lakuti muliunikenso pa mbali ya ife a mapulogalamu. Ofesi imene ilibe wolemba mapulogalamu singaphunzitse munthu kulemba mapulogalamu, ngakhale akuluakulu ake atakhala amtima wabwino chotani, ndipo chotsatira chake n'chakuti wachinyamata amatha chaka akukonza printa, kutaipa makalata ndi kulumikiza pulojekita pa misonkhano. Ntchito zimenezo n'zofunika, koma sizimuyandikitsa ku luso limene dziko linamulipirira. M'malo momwaza achinyamatawa mmodzimmodzi, aikeni m'magulu a anthu anayi kapena asanu, gulu lililonse likhale ndi ntchito imodzi yodziwika bwino ndiponso mmisiri mmodzi wolipidwa kuti aziwerenga code yawo. Mmisiriyo sakuyenera kukhala m'chipinda chimodzi ndi iwo tsiku lililonse, monga mmene ine ndinaphunzirira ndili ku Kasungu mphunzitsi wanga ali ku Lilongwe. Pomaliza, wachinyamata atuluke ndi chinthu chogwira ntchito chimene angachionetse, osati kalata yongonena kuti ankafika pa nthawi yake.

A TEVETA, olemba anthu ntchito amapereka kwa inu 1 peresenti ya malipiro a antchito awo kuti ithandize kusula amisiri. Kulemba mapulogalamu nakonso ndi umisiri. Kampani yaing'ono ya mapulogalamu imaopa kutenga wongoyamba kumene chifukwa miyezi yoyambirira iye amadya nthawi ya mmisiri wamkulu kuposa zimene amabweza, ndipo akangodziwa ntchito angathe kutengedwa ndi banki kapena bungwe lolipira bwino. Mutachotsera kampani yotero gawo la mtolo umenewu, kaya poithandiza malipiro a wophunzirayo kwa chaka chimodzi kaya poichepetsera zimene imapereka, makomo ambiri amene ndi otseka lero angatseguke.

Nkhani imene ikundilemera kwambiri ndi ya mmene boma limagulira masisitimu ake, ndipo pamenepa ndikulankhula ndi inu a PPDA pamodzi ndi Nduna yoona za luso la makono. Boma ndiye wogula wamkulu wa mapulogalamu m'dziko muno, koma makontirakiti ake amabwera akuluakulu, ofuna kampani imene inagwirapo kale ntchito ya mabiliyoni, kotero wachinyamata wa ku Santhe kapena ku Nkhamenya sangayandikire n'komwe. Sindikunena kuti sisitimu ya misonkho kapena ya malipiro a boma iperekedwe kwa ongomaliza kumene sukulu, chifukwa kutero kungakhale kuseweretsa chuma cha anthu. Ndikunena kuti kontirakiti iliyonse yaikulu, kaya yapita kwa kampani ya kuno kaya yakunja, izikhala ndi mfundo yokakamiza kuti achinyamata a Chimalawi angapo agwire nawo ntchitoyo kuyambira tsiku loyamba mpaka lomaliza, akhale ndi mwayi woona ndi kusintha code, ndiponso kuti code ndi zolemba zofotokoza mmene sisitimuyo imagwirira ntchito zitsale m'manja mwa boma. Tonse tikukumbukira kumayambiriro kwa 2024, pamene kusindikiza mapasipoti kunaima kwa masabata angapo, mtsogoleri wa dziko wa nthawi imeneyo n'kuuza Nyumba ya Malamulo kuti sisitimu yalowereredwa ndi akuba a pa intaneti. Odwala ofuna kukalandira thandizo kunja, ophunzira ndi amalonda anasowa pogwira. Dziko limene lili ndi ana ake ambiri odziwa mkati mwa masisitimu ake limadzuka msanga pa ngozi yotero. Mu 2020 boma linatulutsa lamulo lopereka mwayi kwa mabizinesi ang'onoang'ono pa zogula za boma, ndipo ndikupempha kuti mzimu womwewo ufike pa mapulogalamu, pogawa ntchito zina m'zidutswa zimene kagulu ka anthu asanu kangazikwanitse.

Umboni wakuti Amalawi angathe ulipo kale, ndipo uli m'zipatala zathu. Kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, ntchito ya Baobab, imene inayambira pa chipatala chachikulu cha Kamuzu Central ku Lilongwe, inabweretsa makompyuta ongodina pa galasi olembera odwala, ndipo kenaka inafalikira m'makiliniki ambiri operekera mankhwala otalikitsa moyo. Achinyamata a kuno anaphunzira ntchito akulemba ndi kusamalira mapulogalamu amenewo, ndipo chinawasula si satifiketi ayi, koma kugwira chinthu chimene namwino akuchidalira m'mawa uliwonse. Momwemonso DHIS2, imene Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsira malipoti a zipatala, inachokera ku yunivesite ya Oslo koma code yake ndi yotseguka, aliyense angathe kuiwerenga, kuiphunzira ndi kuwonjezerapo. Boma likamasankha mapulogalamu otseguka chotere kumene kuli koyenera, limagula chida n'kupezanso sukulu.

Bwanamkubwa wathu, ntchito zoyambira zimene ndikukambazi sizili kutali, zili pakhomo panu. Boma la Kasungu lili ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo zambiri zokhudza moyo wawo zikadali m'mabuku ndi m'mafaelo. Pali ziphaso za m'misika ndi malaisensi a mabizinesi, pali kaundula wa mijigo yoonongeka ndi tsiku limene inakonzedwa, pali mabuku ndi madesiki a m'sukulu, pali magulu a banki mkhonde ndi makopaletivi amene akuwerengera ndalama zambiri pa mapepala. Iliyonse mwa zimenezi ndi ntchito ya miyezi ingapo kwa kagulu kakang'ono koyang'aniridwa bwino, ndipo ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi zimene zimapita pa msonkhano umodzi wa kunyanja. Mwana wa konkuno ali ndi chimene mlendo alibe: amadziwa kuti dzinja likafika misewu ina siipitika, kuti alimi ambiri ali ndi mafoni a mabatani osati a Android, kuti uthenga uyenera kulembedwa m'Chichewa ndipo kumpoto kwa boma lino m'Chitumbukanso, ndiponso, monga ndinaphunzirira ine movutika, kuti mayi mmodzi angathe kukhala ndi maina atatu.

Mu 2017, chaka chimene ndinkakonzekera kupita ku yunivesite, boma pamodzi ndi UNICEF linatsegula pa bwalo la ndege la Kasungu malo oyesera ma drone pa ntchito zothandiza anthu, ozungulira makilomita 40, oyamba a mtundu wake mu Africa. Tinkathamangira kukaona tindege tija tikunyamuka, ndipo ena a ife mtima wofuna luso la makono unayambira pamenepo. Pambuyo pake, mu 2020, sukulu ya African Drone and Data Academy inatsegulidwa ku Lilongwe, ndipo ndi chinthu chonyaditsa. Komabe ndikupempha kuti ntchito yotero ikadzabweranso m'boma lino, mudzafunse pa tsiku losainirana kuti ndi achinyamata angati a kuno amene adzagwire nawo deta ndi mapulogalamu ake, kuti alendo akadzanyamuka luso lidzatsale.

Kwa inu a MACRA, lamulo la zamtokoma ndi mauthenga la 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund kuti mauthenga afike kumene amalonda paokha sangafikeko, ndipo ntchito ya Digital Malawi, imene World Bank inavomereza mu 2017 ndi madola 72.4 miliyoni, inalinso ndi mbali yophunzitsa achinyamata luso la makono. Malo monga mHub ku Lilongwe ndi Mzuzu E-Hub athandiza ambiri, koma ali m'mizinda, ndipo wachinyamata wopanda ntchito sangalipire nyumba mumzinda kuti azikhala pafupi nawo. Chimene tikufuna pa Kasungu boma ndi chipinda chimodzi chokhala ndi sola yodalirika, intaneti yosadukaduka, matebulo ndi loko wolimba, chotsegulidwa mpaka usiku. Dziko lonse limanyadira William Kamkwamba wa ku Wimbe, amene atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala anapanga makina oyendera mphepo opangira magetsi mu 2002 pogwiritsa ntchito zidutswa za njinga ndi zitsulo zotayidwa. Timatchula kwambiri nzeru zake, ndipo n'zoona anali nazo, koma timaiwala kuti pa Wimbe panali kalaibulale kakang'ono kamene munthu wina anaganiza zokaika pamenepo, ndipo m'menemo ndi mmene anapeza mabuku amene anamutsegula maso. Chipinda chimene ndikupemphachi ndi laibulale yotero ya m'badwo uno.

Pali chinanso chimene chili m'manja mwanu. Njira yofikira mlimi wa foni ya mabatani ndi USSD, yomwe ija timadina *211# kapena *444# potumiza ndalama. Kuti munthu apeze nambala yachidule yotero ndi kulumikizidwa ndi makampani a mafoni pamafunika zikalata ndi ndalama zimene wongoyamba kumene alibe. Mutakhazikitsa nambala yoyesera imene achinyamata olembetsedwa angaigwiritse ntchito limodzi pophunzira ndi poyesa zimene apanga, tingayambe kupangira anthu a kumudzi zinthu zowayenera m'malo momangopanga mapulogalamu a mafoni amene anthu ake alibe. Ndiponso popeza lamulo loteteza deta la 2024 linakupatsani udindo woyang'anira nkhani imeneyi, tiphunzitseni zofunika zake m'chilankhulo chomveka, chifukwa ife ndi amene tikusunga maina, manambala a ziphaso ndi ndalama za alimi.

Za ndalama zakunja ndikupempha nduna kuti mukatilankhulire ku Banki Yaikulu. Zida za ntchito yathu zimagulidwa ndi madola. Kulembetsa kuti uike pulogalamu pa Google Play ndi madola 25, kwa Apple ndi madola 99 chaka chilichonse, ndipo seva, kompyuta imene imasunga pulogalamu pa intaneti, imalipiridwa mwezi ndi mwezi. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imeneyi inakwera kwa ife usiku umodzi, ndipo ngakhale munthu akhale nazo ndalamazo, kulipira kunja ndi khadi sikumatheka nthawi zonse. Ine ndinakhalapo masiku anayi seva ya alimi aja itatsekedwa chifukwa malipiro a madola ochepa anakanika kudutsa. Chikhalirecho ntchito yathu ingathe kubweretsa madola omwewo. Fodya wa bambo anga amafunika nazale, feteleza, chigafa, lole ndi doko la Beira kapena Nacala kuti afike kwa wogula, pamene pulogalamu yolembedwa pa Mtunthama ingafike ku London pa mphindi imodzi. Wachinyamata amene wapeza ntchito ya kunja ali konkuno ayenera kupeza njira yosavuta yolandirira malipiro ake, ndiponso kuloledwa kugwiritsa ntchito kagawo kake pogula zida zimene zikumuthandiza kupeza ndalamazo.

Nkhaniyi yafika pofunika changu chifukwa cha zida za AI (makina otsanzira nzeru za munthu) monga ChatGPT, imene inatuluka kumapeto kwa 2022. Zidazi tsopano zikulemba code yosavuta imene kale inkapatsidwa kwa ongoyamba kumene, kotero khomo limene linali lopapatiza kale likupapatirabe. Ine ndimazigwiritsa ntchito ndipo zimandithandiza, koma zimalakwitsa molimba mtima, ndipo amene angaone cholakwacho ndi munthu amene anaphunzitsidwa kuwerenga code mosamala. Alimi a fodya amadziwa kuti mmera m'poyamba, ndiponso kuti mbande imakhwimitsidwa ku nazale isanapite kumunda. Tikasiya kulera ongoyamba lero chifukwa makina akuoneka otchipa, zaka khumi zikubwerazi tidzasowa amisiri akuluakulu oti aziyang'anira makinawo.

A Unduna wa Zamaphunziro ndi akuluakulu a UNIMA, MUBAS, MUST, yunivesite ya Mzuzu ndi makoleji ena, pempho langa kwa inu ndi lalifupi. Pulojekiti ya chaka chomaliza izikhala ndi mwini wake weniweni kunja kwa sukulu, kaya ndi chipatala, khonsolo kapena gulu la alimi, ndipo malikisi ena azichokera pa funso lakuti kodi chinthucho chikugwirabe ntchito patatha miyezi itatu. Muganizirenso atsikana, amene m'makalasi athu tinali ochepa, ndipo tikakhala pakhomo chaka chimodzi achibale amayamba kutiuza kuti tisiye zimenezi tikwatiwe kapena tiyambe geni. Mtsikana akataya chaka choyamba, kawirikawiri sabwereranso ku ntchitoyi.

Panopa tilipo asanu ndi awiri, anyamata anayi ndi atsikana atatu, amene timakumana Loweruka lililonse m'kalasi ina yobwereka pa Kasungu boma, aliyense ndi laputopu yake, n'kumawerengerana code monga mmene bambo wa ku Lilongwe uja anandiphunzitsira. Talemba kale ndondomeko ya kaundula wa mijigo, imene ikusonyeza zofunika, miyezi imene ingatenge ndi mtengo wake, ndipo amisiri awiri odziwa ntchito avomera kutiyang'anira ngati patapezeka kangachepe kowalipira pa nthawi yawo. Bwanamkubwa, tikupempha kuti mutipatse mphindi 30 pa msonkhano wa komiti yoona za chitukuko wa khonsolo, ndondomeko ya chuma ya chaka chamawa isanatsekedwe, ndipo mutisankhire dera la mfumu yaikulu imodzi loti tiyesereko kwa miyezi isanu ndi umodzi. Zikakanika, tidzabweza mabuku onse ali bwinobwino pamodzi ndi lipoti la zimene zalakwika, kuti otsatira athu asadzagwe pa dzenje lomwelo. Tsiku limene mungatiitane tidzafika m'mawa.

Ine mwana wanu,
Wolemba mapulogalamu wa ku Chamama, Kasungu